Mtundu wa Chimene Chalowa M'khola

4 Meyi

Wokondedwa mwana wanga Chisamba,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko pamodzi ndi tizilombo tako ta m'mabotolo. Kuno anthu tili bwino, bondo la amako layamba kumva. Ndalemba kalata chifukwa pafoni umalankhula ngati basi ikukusiya, ndipo ine khutu lakumanzereli ukulidziwa. Ndapatsira dalaivala wa galimoto ya mkaka, amene wati lero ndi ulendo wake womaliza mpaka zinthu zitakhala bwino.

M'khola mwavuta. Lachiwiri m'mawa ndinapeza Mawanga ataima duu, dovu lili chuchuchu, udzu osaukhudza. Nditamuyasamitsa ndinaona matuza pa lilime ponse. Pofika Lachinayi, Khofi ndi Nyangaimodzi anayamba kutsimphina. Alangizi a ziweto, a Jekeseni aja, ati ndi matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Chondizunguza mutu n'chakuti ng'ombe zanga zonse khumi ndi ziwiri zinabayidwa katemera mu Janyuwale, michira ndinkagwira ndekha.

Koma kumene achokera matendawa sindifunika sukulu kuti ndidziwe. Ng'ombe za a Pachigayo, anansi athu, zinayamba kudwala masabata awiri apitawo. Tsiku la katemera iwo sanabwere, ati kuchigayo kunali mzere wautali. Zaka makumi atatu ndikumwa nawo tiyi, osadziwa kuti ndi anthu otayirira chonchi. Ndawauza pamaso kuti ukwati wa mng'ono wako Chitsiriza ndi mwana wawo Telala, uja wa pa 30 Ogasiti, uyambe waima. Mwana wanga sangakalowe m'banja lotero.

Undiuze za kuntchito, ndipo magalasi aja usaiwale.

Ndine bambo wako

9 Meyi

Ababa ndi Amayi,

Moni nonse. Pepani ndilemba mwachidule, kulabu kuno, komwe timayeza matenda a ziweto, mabokosi akubwera ngati mvula ndipo chakudya chamasana tikudya chiimire. Kalatayi ikupezani kudzera kwa a Jekeseni, popeza galimoto ya mkaka yaima.

Ababa, musathamangire kuweruza. Choyamba tidziwe mtundu wa chimene chalowa m'khola mwanu. Mtunduwo ukadziwika, zina zonse zidziwika. Ndalankhula ndi a Jekeseni, abwera kudzatenga zofunika kwa inu ndi kwa a Pachigayo. Pakadali pano ikani beseni la mankhwala pageti, aliyense wolowa ndi wotuluka azipondamo. Wochokera m'khola mwanu asapite kukhola lina.

Za ukwatizo simunandisangalatse nazo, koma tikambirana. Magalasi ali m'envulopu momwemo, musakhalire.

Chisamba

14 Meyi

Mwana wanga Chisamba,

Magalasi ndalandira, zikomo. Ndikuona nawo ngakhale zimene sindimafuna kuona.

Wafunsa za mtundu. Wafunsa bwino, ndipo zikuonetsa kuti sukulu sinakuwononge. Mtundu umenewu ine ndikuudziwa kuyambira kale. Agogo awo a Pachigayo anabwereka khasu kwa agogo ako, analibweza lopanda mpini. Bambo awo anasiya geti la dibi lotsegula, ng'ombe za anthu n'kudya munda wa sukulu. Iwowa ndi awa a katemera. Ukaufuna mtunduwo papepala kuti ukaonetse mabwana ako, ndikhoza kulemba mpaka azakhali awo.

Amako ati sindinamve funso, ndiye alemba okha pansipa.

Bambo wako

Mwanawe, ndine mayi ako. Bambo akowa asakutayitse nthawi. Mitundu ndi iyi: Mawanga ndi wakuda wa madontho oyera, Khofi ndi wofiirira, Nyangaimodzi ndi wotuwa. Zodwala zina ziwiri n'zakuda bii. Ngati matendawa amasankha mtundu, zoyera tizipatule? Uyankhe msanga. Udye, pachithunzi chija wawonda.

15 Meyi

Achemwali,

Iyi ndailowetsa mobisa m'envulopu ya Ababa, a Jekeseni andithandiza kumata. Muli bwanji? Ine ndili bwino kuyambira m'khosi kupita pansi, mutu wokha ndiye sukugwira.

Kalata yanu inawerengedwa kanayi patebulo. Ababa anaimirira n'kunena kuti mwaona, ngakhale wa ku labu akufunsa za mtundu wa anthu amenewa. Amayi anatenga tochi masanasana kukayang'anitsitsa ubweya wa ng'ombe. Ine ndinati mwina Achemwali akunena za kachilombo, koma chitsiriza amamumvera ndani pakhomo pano?

Zinanso, Ababa anatunga dovu la Mawanga m'botolo la mafuta odzola, ati akutumizireni pa basi kuti zifulumire. Mwamwayi a Jekeseni anafika botolo lili pawindo. Bamboyo ndi wofatsa, koma tsiku limenelo anagwira m'mutu. Anawauza kuti botolo limenelo likanagawa matenda pa siteji iliyonse mpaka m'tauni. Iwo anavala magolovesi, anadula kachikopa ka thuza pa lilime la Mawanga, n'kukaika m'kabotolo ka madzi apinki, kabotoloko m'bokosi la ayezi. Anatero ndi ng'ombe zitatu kuno, ndi zitatu kwa a Pachigayo atasamba ndi kusintha zovala.

Achemwali, ine zikundiwawa. Diresi langa Telala analisoka mpaka m'chiuno, panopa lapachikidwa pamsomali m'shopu mwake, mkono umodzi palibe. Timaonana pampanda, iye mbali yake ine mbali yanga, ngati anthu ogulitsana nkhuku yakuba. Dzulo anandifunsa ngati apitirize kusoka. Ndinamuuza kuti apitirize, kenako ndinakalirira kubafa.

Beseni lanu tinaika ndipo tonse tikupondamo, kupatula mwini khomo. Ati mankhwalawo amadya labala wa majombo awo. M'mawa uliwonse amalumpha beseni ngati mnyamata, ulendo wa kudimba la kutsidya kukaona kabichi. Kabichi wake uti sindikudziwa, tinadula yense mu Malichi. Amabwerako akuimba mluzu, akafika pageti n'kukumbukira kuti ndi okwiya.

Chonde fulumirani ndi makina anuwo.

Mng'ono wanu Chitsiriza

24 Meyi

Ababa, Amayi ndi iwe Chitsiriza,

Moni. Makalata anu ndinawerengera m'chipinda chomwera tiyi, ndipo ndinaseka mpaka mnzanga wa pa benchi anabwera kudzaona ngati ndatsamwa. Kulakwa ndi kwanga, ndinalemba mothamanga. Amayi, zoyera zisiyeni, matendawa saona ubweya. Ababa, azakhali a eni ake asalembedwe. Ndimanena mtundu wa kachilombo.

Dzina la matendawa ndi limodzi, koma tizilombo toyambitsa tili m'mitundu isanu ndi iwiri, ndipo mtundu uliwonse uli ndi timabanja take. Katemera wa mtundu umodzi sateteza ku mtundu wina, monga kiyi wa kusitolo satsegula kuchipinda. Ntchito yanga ndi imeneyi. Kachikopa kaja timakapera, timachotsamo kachilombo, ndipo makina amawerenga chibadwa chake chilembo ndi chilembo. Kenako timafananiza ndi ena onse amene tinasunga, kuti tione abale ake ndi ati ndipo anaonekapo kuti. Tikamatuluka m'chipindamo timasamba mpaka m'tsitsi, n'chifukwa chake Amayi mumati tsitsi langa latha.

Tsopano khalani pansi. Ka kwa a Pachigayo ndi kamtundu wakale wa kwathu komweko, uja umabwerabwera zaka zina. Katemera wa mu Janyuwale anali wa mtundu umenewo, ndiye ukanafika m'khola mwathu ukanapeza chitseko chotseka. Ka m'khola mwathu ndi kamtundu wina. Ndinabwereza kawiri, mnzanga anabwerezanso payekha. Kwathuko sikanaonekepo. Chaka chino kapezeka malo amodzi okha, kumsika waukulu wa ng'ombe uja wa ulendo wa tsiku lathunthu pa lole.

Ababa, matenda athu sanachokere kwa a Pachigayo.

Ndiye ndikufunsa, ndipo si ine ndekha, a ku ofesi ya ziweto akufunsanso. Kodi pali ng'ombe yatsopano imene yabwera? Pali amene anapita kumsika umenewo? Ng'ombe zonse za m'dera lathu zilibe chitetezo ku mtundu uwu, ndipo katemera wake ndi wochepa. Tikadziwa pamene kanalowera, tidziwa poyambira kubaya.

Ndikudikira yankho ndi ulendo wotsatira wa a Jekeseni.

Chisamba

3 Juni

Ababa,

A Jekeseni abwera kawiri chimanjamanja. Inu amene mumayankha kalata inki isanaume, mwatani? Ngati magalasi asweka nenani.

Chisamba

7 Juni

Mwana wanga,

Tili bwino. Kwayamba kuzizira. Denga la khitchini likufuna malata awiri. Mawanga wayamba kudya, koma thole lake linatisiya Lamlungu, ndipo zandikhudza kwambiri chifukwa linkanditsatira ngati galu.

Za makina akozo ndamva. Makina nawonso amalakwitsa, sikelo ya kumalo ogulitsira mkaka inatinamiza chaka chathunthu. Pa funso lako, ndikuyankha mosapita m'mbali kuti m'khola mwanga muno simunalowe ng'ombe yatsopano. Aliyense akhoza kubwera kudzawerenga. Muno muli zomwe zija.

Za ukwati ndikuganizirabe. Upereke moni kwa mnzako wa pa benchi.

Bambo wako

12 Juni

Chisamba mwanawe,

Ndine mayi ako. Ndatenga cholembera ndekha chifukwa bambo ako panopa akhala pansi pa mtengo wa mapeyala, akuyang'ana nyerere.

Kalata yawo ija anandiwerengera asanamate. Ine munthu ameneyu ndakhala naye zaka makumi atatu ndi zisanu. Akanena zoona amalankhula mosasamala, mawu ali mbwee. Akayamba kusankha mawu ngati akusankha nyemba, ndimadziwa kuti pali chinthu. M'khola mwanga muno, muno muli zomwe zija. Ndinati mumtima, muno muno bwanji, kodi kuli kwina?

Lachitatu m'mawa atalumpha beseni, ndinamanga bondo langa ndi nsalu n'kuwatsatira chapatali. Ndikuuze zoona, m'njira monse ndinkakonzekera kukapeza mzimayi. Ndinali nditasankha kale ndi mawu oti ndikamuuze. Tinawoloka mlatho, tinadutsa dimba lopanda kabichi lija, mpaka kushedi yakale yosungiramo mapaipi. Ndinamva bambo ako akulankhula mawu ofewa amene ine ndinawamva komaliza iwe usanabadwe. Akuti, wagona bwanji mwana wokongola, idya pang'onopang'ono.

Ndinakankha chitseko. Mwanawe, msoti wa ng'ombe! Wofiira, wonenepa, maso ngati a mwana, m'khosi atamangamo kansalu ka buluu ndi belu. Bambo ako anagwetsa chidebe.

Nkhani yake ndi iyi. Mu Epulo muja anati akupita kukaona msuweni wawo wodwala, anapita kumsika ukunenawo. Anagula msotiwo kwa munthu wa lole, wopanda kalata ya alangizi, chifukwa wa lole anati makalata amachedwetsa. Inali mphatso ya Chitsiriza ndi Telala, yoti idzatulukire pa tsiku la ukwati belu likulira, anthu onse n'kudabwa. Utafika unkadontha dovu pang'ono, iwo anati ndi kutopa kwa ulendo, ndipo unachira wokha. M'mawa uliwonse amachoka kushediko ndi majombo awo aja, ndowe zili phaa, n'kulowa nawo m'khola mwathu kukakama.

Ndinawafunsa kuti chikhalirecho mumadziwa? Anati poyamba ayi, amakhulupiriradi kuti ndi a Pachigayo. Koma kalata yako ya pa 24 itafika anadziwa, n'kusowa poyambira. Anati, “Ndikanena, ndiye kuti ndaipitsa dzina la mnzanga pachabe, ndaliza mwana wanga pachabe, ndiponso mphatso yaululika.” Ndinawauza kuti pa zitatuzo chachitatu achotsepo, n'chopepuka.

Kukalipa ndinakalipa, usakayike. Koma ndikuuze iwe wekha, pobwerera ndinkabisa nkhope. Munthu wouma mtima sagula belu.

Ndinawaperekeza ndekha kwa a Jekeseni. Atenga magazi a msotiwo ndi zokanda kukhosi, zili m'bokosi limene labwera ndi kalatayi. Majombo ndawamiza mu dilamu ya mankhwala ndipo ndaikapo mwala. Chitsiriza atamva anaseka, analira, kenako anathamangira kumpanda.

Udye.

Mayi ako

23 Juni

Ababa,

Moni. Amayi ndawalembera yawo, iyi ndi yanu nokha.

Zotsatira zatuluka. Ka kukhosi kwa msoti ndi ka pa lilime la Mawanga n'kamodzi, kusiyana kwake zilembo ziwiri zokha, ngati mwana ndi mayi wake. Ng'ombe ikhoza kuchira n'kumasungabe kachilombo kukhosi kwa miyezi, ndiye msotiwo ukhale kushedi komweko mpaka a Jekeseni atanena. Pa ukwati sudzatuluka. Za kugula popanda kalata a ku ofesi adzakulankhulani, ndipo mudzangomvera, osawauza za agogo a munthu aliyense.

Chifukwa mwanena, katemera woyenera wanyamuka dzulo. Ayamba ndi makola oyandikira dimba la kutsidya ndi lathu, n'kumatambasukira kunja. Lole ija akuitsatanso, inatsitsa ng'ombe malo ena awiri. Mukanakhala chete mwezi wina, nkhani ikanakhala ina. Ndikudziwa kuti sizinali zophweka, ndipo za thole la Mawanga pepani.

Pali china chimene chatiseketsa kuno. Tinayezanso ng'ombe za a Pachigayo, mtundu wachilendowu mulibe. Mukudziwa chifukwa chake? Masiku amene munkanyamula kachilombo ku majombo, iwo anali atatsekeredwa kale ndi matenda awo, kenako inu munakwiya n'kusiyiratu kupita kwawo. Mukanapitiriza kukamwa tiyi wa madzulo aliwonse, zawonso zikanadwala kachiwiri.

Labu yachita mbali yake. Chatsalacho makina athu sachita, ndipo ndi mtunda wa mayadi makumi asanu kuchokera pageti panu.

Mwana wanu Chisamba

1 Julaye

Wokondedwa mwana wanga Chisamba,

Ndikhulupirira uli bwino. Kuno tili bwino. Katemera anafika, ndipo woyamba pamzere, dzuwa lisanatuluke bwino, anali a Pachigayo, chigayo atatseka ndi loko. Zathu zonse zaimirira, mkaka wayamba kubwerera pang'onopang'ono. A ku ofesi anandilankhula kwa ola lathunthu ndipo sindinatchule agogo a munthu.

Ndawerenga mosamala pamene wanena kuti mkwiyo wanga ndi umene unapulumutsa ng'ombe za anansi. Ndinawerengera amako kawiri. Ati ndikabwerezanso kachitatu andimiza mu dilamu momwe muli majombo.

Mayadi makumi asanu aja ndinayenda Loweruka. Unanama, ndi ambiri kuposa pamenepo. Ndinavala jekete ndi nsapato zakuda zija. Nditafika pageti pawo ndinapeza beseni, ndipo a Pachigayo anali pakhonde akundiyang'ana. Ndinavula nsapato, ndinavula masokosi, ndinapinda buluku, n'kuima m'beseni ndi mapazi anga enieni. Madzi ake ozizira, mwanawe. Ndinalankhula ndili momwemo. Ndinati ndinakunenerani zoipa pamaso ndi kumbali, ndinanyoza makolo anu, pamene matenda ndinabwera nawo ndine pa lole, ndi ndalama zanga. Ndinati ndachita manyazi, ndipo ndinachitadi.

Iwo anatsika pakhonde pang'onopang'ono, mwadala, kuti ndizizidwe. Anandifunsa kuti, “Nanga mtundu wathu uja, a labu ati bwanji?”

Ndinati a labu ati mtundu wanu ndi wakale, wodziwika, ndipo katemera wake alipo. Wovuta ndi wanga.

Anaseka mpaka anagwira mpanda. Kenako anati nawonso tsiku la katemera lija limawadya mumtima, ndipo za khasu lopanda mpini agogo awo anawauza kuti linabwera lili choncho. Nkhani imeneyo sitinaimalize. Anatenga nsapato zanga n'kuziponya m'beseni kuti zigone momwemo, anavula mapatapata awo n'kundipatsa, iwo n'kuyenda chopanda nsapato kukauza mayi a kunyumba kuti ateleke tiyi. Ndili pakhondepo ndinamva makina a Telala akulira m'shopu. Ati mkono wachiwiri unatha kalekale, mnyamatayo sanaime n'tsiku limodzi lomwe, panopa akusoka jekete langa.

Ukwati ulipo pa 30 Ogasiti. A Jekeseni ati iweyo usiye kulowa m'chipinda cha tizilombo masiku asanu usanabwere, apo ayi udzaonera ukwati uli kumsewu. Uwauziretu mabwana ako. Msoti sudzatuluka, koma Chitsiriza wati belu lokha ndidzalinyamule m'thumba, ndidzalize ndekha anthu akadzakhala chete. Ndavomera, ndilibe pokanira.

Mapatapata aja ndikadali nawo, ndavala pamene ndikulembamu. Akundikula pang'ono. Dzulo ndinapita kukabweza, a Pachigayo anakana kulandira. Ati ndidzabweze pa 31 Ogasiti, tikadzakhala mtundu umodzi.

Ndine bambo wako